Bodza Logona Nalo Pamphasa Imodzi: Kuunika Buku la Stay With Me

Pali nkhani zopeka zimene zimaopsa owerenga ndi mfuti, achifwamba ndi mitembo yopezeka patchire. Pali zinanso zimene zimaopsa popanda zonsezi, chifukwa choopsacho chili m'nyumba momwemo. Munthu amene ukupisa naye m'mbale imodzi ndi kufunda naye bulangete limodzi ndiye akukubisira chinthu chimene chikukudya moyo. Azungu ali nawo mabuku ambiri a mtundu wachiwiriwu. Daphne du Maurier adatulutsa Rebecca mu 1938, Gillian Flynn adatulutsa Gone Girl mu 2012, ndipo Paula Hawkins, yemwe adabadwira mumzinda umene lero ndi Harare, adatchuka ndi The Girl on the Train mu 2015. M'mabuku onsewa wowerenga amayenda mtima uli m'mwamba pofuna kudziwa kuti pakati pa mwamuna ndi mkazi, wonama ndani. Kuno kwathu Aubrey Kalitera adayesako njira yoyandikira pamenepa m'zaka za m'ma 1980, pamene ankasindikiza yekha ku Blantyre nkhani za chikondi ndi za m'banja monga Why Father Why.

Buku limene ndasankha kuti tiunike ndi Stay With Me, lolembedwa m'Chingerezi ndi Ayobami Adebayo, mayi wa ku Nigeria wobadwa mu 1988. Lidatuluka mu 2017, ndipo chaka chomwecho lidali limodzi mwa mabuku 6 amene adafika kumapeto kwa mpikisano wa Baileys Women's Prize for Fiction ku Britain. Ine ndidalilandira kuchokera kwa mwana wina amene ndidamuphunzitsa kalekale. Ndidaliwerenga masiku atatu a chiperoni kuno kwa Nsabwe, ndipo ngakhale nkhani yake ikuchitikira kutali, m'tauni ya Ilesa pakati pa Ayoruba, nkhope zimene ndinkaona m'maganizo mwanga zidali za anthu a m'midzi ndi m'makomboni a m'minda ya tiyi ya kuno ku Thyolo. Ndichenjezeretu kuti ndiulula zinsinsi za bukuli, pakuti munthu sangaunike buku lotere zinsinsizo atazifumbata.

Tsatanetsatane wa nkhaniyi ali motere. Yejide ndi Akin adakumana pa yunivesite ya ku Ife, nakondana, nakwatirana. Akin akugwira ntchito kubanki, Yejide ali ndi malo okonzera tsitsi amayi. Ali ndi nyumba, galimoto ndi maphunziro, koma papita zaka 4 wopanda mwana. Tsiku lina achibale akufika ndi mtsikana dzina lake Funmi, namuuza Yejide kuti uyu ndi mkazi mnzake. Akin adamukwatira kale mwakachetechete atatopa ndi kulira kwa mayi ake. Pambuyo pa masautso ambiri Yejide akubereka ana atatu motsatizana: Olamide, Sesan ndi Rotimi. Awiri oyambawo akumwalira. Funmi naye akupezeka atafa pansi pa makwerero a m'nyumba kutacha phwando lopatsa dzina Olamide. Pang'onopang'ono tikudziwa kuti ana onse atatu si a Akin ayi, ndi a mng'ono wake Dotun. Pambuyo pake tikudziwanso china choposa apa: Akin, monga timanenera kuno, adagwa m'papaya. Sadathepo ntchito ya m'nyumba chikwatirire, adadziwa zimenezi asadakwatire, ndipo ndiye yemwe adapempha mng'ono wakeyo kuti anyengerere mlamu wake.

Munthu akangomva nkhaniyi mwachidule chotere angaganize kuti ndi miseche ya pachitsime. Chimene chikuikweza ndi njira imene mlembi wasankha poifotokoza. Palibe wofotokoza nkhani woima pambali wodziwa zonse. Ampangankhani awiriwo, Yejide ndi Akin, akulankhula mosinthana, aliyense ndi pakamwa pake. Poyamba wowerenga amakondwa, poganiza kuti akumva mbali zonse ziwiri monga amachitira ankhoswe. Akin akulankhula mofatsa, ngati munthu wanzeru wotopa ndi achibale ovuta. Akutiuza za chikondi chake, ndipo chikondicho n'choona. Akutiuza za mayi ake amene sakumupatsa mpata, ndipo timamumvera chisoni. Zonse zimene akutiuza n'zoona, koma akudumpha chinthu chimodzi chokha, chomwe ndicho gwero la mavuto onse. Tsono pamene chinsinsi chikuululika, wowerenga amazindikira kuti naye wapusitsidwa monga momwe adapusitsidwira Yejide, ndi munthu yemweyo, ndiponso ndi chida chomwecho, ndicho kufatsa. Ine pamenepa ndidatseka buku ndi kubwerera ku masamba oyambirira kukafufuza pamene adandinamiza. Sindidapeze bodza lolunjika. Ndidapeza malo ambiri pamene adakhala chete.

Ophunzira mudazolowera kugawa ampangankhani m'magulu awiri, abwino ndi oipa. Akin sakulowa bwino m'gulu lililonse. Samenya mkazi wake, samwa ndalama za pakhomo, sathamanga ndi akazi. Ana amene akudziwa kuti si a magazi ake akuwakonda ndi mtima wonse, akugona nawo kuchipatala, ndipo pamapeto pake ndiye akulera Rotimi yekhayekha zaka 15. Bambo wotere kuno tikadamutcha mkamwini wa mwayi. Koma bambo yemweyu adaima n'kumaonerera mkazi wake akutchedwa chumba, akusala kudya, akumwa mankhwala owawa, akupimidwa m'zipatala, pamene iye akudziwa kuti vuto lili mwa iye. Mlembi akufuna kuti tione kuti munthu akhoza kukukonda ndi kukuwononga nthawi imodzi, ndipo kuti chimene chikuyendetsa Akin ndi mantha. Akuopa kuti Yejide akadziwa amuthawa, akuopanso manyazi pamaso pa amuna anzake. Mantha awiriwa awapiringiza pamodzi kotero kuti iye mwini sakudziwanso kuti akuteteza banja kapena dzina lake.

Chithunzi chimene sichichoka m'maganizo mwanga ndi cha paphiri. Yejide, mayi wophunzira mpaka kuyunivesite, akukwera phiri la mneneri wina akukoka mbuzi yoyera. Atafika pamwamba, ali wefuwefu ndi njala ndi dzuwa, akuuzidwa kuti ainyamule mbuziyo ngati khanda ndi kuiyamwitsa, ndipo akutero. Potsika akukhulupirira kuti waima. Mimba ikukula ndithu, zizindikiro zonse zikuoneka, koma madokotala akaunika sakupezamo mwana. Miyezi 9 ikukwana, ikupitirira, iye akadali kukonza chipinda cha mwana. Pakuwerenga koyamba ndimezi zimaseketsa pang'ono, ndipo timagwirizana ndi Akin pamene akumuuza motsimikiza kuti alibe pathupi ndi kumutengera kwa dokotala wa matenda a maganizo. Timati uyu ndiye wanzeru m'nyumbamu. Pakuwerenga kachiwiri tsitsi limaima, chifukwa tsopano tikudziwa chimene chikumupatsa Akin chitsimikizo chotere. Akudziwa kuti mimbayo singakhale yoona popeza akudzidziwa yekha. Mkazi wake akupenga iye akuona, mankhwala a misalayo ali nawo m'kamwa, mawu ochepa chabe, koma sakuwatulutsa. Uyu ndiye kalosera wolukidwa mwaluso: mlembi adaika yankho poyera, ife n'kulidutsa.

Nkhani imeneyi si yachilendo kwa ife. Ndili mphunzitsi wachinyamata pasukulu ina kufupi ndi esiteti ya tiyi, padali mayi wina wothyola tiyi amene adakhala pabanja zaka zambiri wopanda mwana. Amayi anzake ankamuimbira nyimbo zokuluwika m'mizere, ndipo alamu ake ankati akungodya ndalama za mbale wawo. Banja lidatha. Mayiyo adakwatiwanso ndi mlonda wina, ndipo pasadathe zaka 2 adali ndi mwana kumsana. Mwamuna woyamba uja adakwatira kawiri konse, osaona kanthu, koma sindidamve munthu ndi mmodzi yemwe akubwerera kwa mayi uja kukapepesa. Bungwe la World Health Organization lidalengeza mu 2023 kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa 6 alionse padziko lapansi amakumana ndi vuto la kusabereka nthawi ina pamoyo wake, ndipo a chipatala amanenetsa kuti vutoli limapezeka mwa amuna ndi mwa akazi omwe. Komabe chala chimathamangira kuloza mkazi, popeza mimba imaonekera pa iye.

Pali kusiyana kumodzi kofunika kukudziwa. Ayoruba amatsata mtundu wa kuchimuna. Mwana ndi wa bambo, ndipo mkazi wopanda mwana amakhala ngati mlendo pamudzi wa eni. N'chifukwa chake apongozi ake a Yejide akutha kumuuza kuti asunthe apatse malo wina. Kuno ku Thyolo ambiri, Alomwe ndi Amang'anja, timatsata chikamwini. Ana ndi a kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi malume. Pachifukwa ichi mkamwini amene papita nthawi osaonetsa mphatso naye amakhala pamoto, popeza akuchikazi amafuna mbumba yawo ikule. Makolo athu adali ndi njira yawo pa vuto lotere, imene ambiri mudaimvapo: ankapeza fisi, mwamuna wina wolowa m'nyumba usiku mwachinsinsi kuti banjalo lione mwana, ndipo mwanayo ankatchedwa wa mwini nyumba. Kunena mwachindunji, Akin adalemba mng'ono wake ntchito ya ufisi.

Sindikuyamikira mwambo umenewu. Udapondereza amayi ambiri amene sadafunsidwe bwino maganizo awo, ndipo m'nthawi ya Edzi udasanduka njira ya kumanda. Koma kuuika pambali pa zimene adachita Akin kumatithandiza kuona pamene pagona tchimo lake. Pamwambo uja nkhani inkayamba ndi kuvomera. Mwamuna ankaulula kwa akuluakulu kuti zinthu sizikuyenda, ndipo mkazi ankadziwa amene akulowa ndi chifukwa chake. Chinsinsi chinkabisidwa kwa anthu akunja. Akin watembenuza zonse. Iye ndi mng'ono wake akudziwa, ndipo munthu yekhayo amene akubisidwa ndi mwini thupi. Yejide akugona ndi mlamu wake akuganiza kuti wachita chigololo mwa kufooka kwake, ndipo akusenza yekha katundu wa manyazi pamaso pa mwamuna amene akumuyesa wosalakwa. Amulanda ngakhale ufulu wodziwa tanthauzo la zochita zake. Akuluakulu amati banja ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule, koma pano kapasule waitanidwa ndi mwini nyumba, ndipo pamene mwini nyumbayo akuwapezerera awiriwo pabedi, akumumenya mng'ono wake mpaka kutsala pang'ono kumupha. Nsanje yake ndi yoona ngakhale kuti msampha adautchera yekha. Ndime imeneyi ndiyo pampondachimera pa nkhani yonse, ndipo mlembi sadaifewetse.

Akin adawerengera zonse monga munthu wa kubanki, koma adaiwala magazi. Sesan akupezeka ndi matenda a sickle cell, amene amapotoza maselo ofiira a m'magazi kukhala ngati chikwakwa, n'kumatseka timitsempha ndi kubweretsa ululu woopsa ndi kuchepa kwa magazi. Matendawa aliponso kuno ku Malawi. Mwana amadwala pokhapokha atatengera mbewu yake kwa bambo ndi kwa mayi omwe. Makolo onse awiri akakhala onyamula mbewuyo, ngakhale iwo eni asakudwala, pamimba iliyonse pamakhala mpata umodzi mwa 4 woti mwana abadwe ndi matendawa. Yejide ndi wonyamula, Dotun ndi wonyamula, Akin ayi. Choncho dokotala atayeza magazi akumuitanira pambali Akin kumuuza kuti mwanayu sangakhale wake, ndipo Akin akuchita sewero la kukwiya ngati munthu amene wamva zachilendo. Apa mlembi wagwiritsa bwino ntchito sayansi. Matendawa akhala mboni yokhayo m'buku lonse imene singanyengereredwe. Achibale akufotokoza imfazo mwa chikhulupiriro cha abiku, mwana wa mizimu amene amabadwa ndi kufa mobwerezabwereza kwa mayi mmodzi. Amene mudawerenga Things Fall Apart ya Chinua Achebe mukumbukira Ekwefi, amene adabereka ana 10 n'kutsala ndi Ezinma yekha, ndipo Aigbo ankati ndi ogbanje. Dzina loti Rotimi ndi la ana otere. Ndi pempho loti mwanayo akhale, asapite, ndipo mutu wa buku udachokera pamenepa. Ifenso tili ndi maina a Maliro ndi Manda amene makolo ankapatsa mwana wobadwa pambuyo pa imfa zotsatizana.

Tsopano ndinene pamene bukuli likutsimphina, pakuti kuunika si kuombera m'manja kokha. Choyamba, n'kovuta kukhulupirira kuti mayi wophunzira, amene tsiku lonse amakhala pakati pa amayi ocheza momasuka pokonzetsa tsitsi, angakhale pabanja zaka zonsezo osazindikira kuti mwamuna wake ali ndi vuto. Mlembi wayesetsa kutseka mpata umenewu. Mayi ake a Yejide adamwalira pomubereka, adakulira pakati pa akazi ena a bambo ake amene sankamufuna, adalowa m'banja asadadziwe mwamuna, ndipo Akin adamuuza kuti amuna adalengedwa mosiyanasiyana. Kuno tikadati mwanayu sadalangidwe, adasowa anamkungwi. Mlembi akutionetsanso kuti Yejide adasankha kusafunsa, chifukwa Akin ndiye munthu yekhayo amene adamukondapo, ndipo munthu wa mbale imodzi saigogoda kuti aone ngati ili ndi mng'alu. Chifukwa chachiwirichi ndi champhamvu ndipo ndikuchilandira. Komabe pamene Yejide wagona ndi Dotun n'kuona kusiyana, ndimayembekeza kuti mafunso abwera msanga kuposa momwe abwerera m'bukumu.

Chachiwiri chikundivuta kwambiri, ndicho Funmi. Mtsikanayu sadalakwe kanthu koposa kuvomera ukwati umene akuluakulu adakonza. Iye ndiye woyamba kuona choona, popeza naye ndi mkazi wa Akin, ndipo usiku wa phwando uja akumufunsa kuti mimba ya Yejide yachokera kuti. Akin, ataledzera, akufuna kumutseka pakamwa, ndipo Funmi akugwa pamakwerero n'kufa. Munthu wafa chifukwa chofunsa funso loona. Koma nkhani ikupitirira ngati kuti yasweka ndi mbale. Palibe mlandu ukuzengedwa, ndipo masamba otsala akulira ana a Yejide ndi banja la Yejide. Mwina mlembi adachita dala, kuti tione momwe mkazi wachiwiri amatayidwira ntchito yake ikatha. Ngati ndi choncho, adayenera kutipatsa mutu umodzi wokha wolankhula Funmi mwini. Popanda mutu umenewo ndikuopa kuti buku lachita kwa Funmi zomwe banja la Akin lidamuchita: kumubweretsa pamene akufunika ndi kumuchotsa pamene wayamba kusokoneza. Ophunzira amene mudzawerenge bukuli mudzaweruze nokha ngati mapeto okoma amene Akin akupatsidwa akumuyenera munthu amene ali ndi magazi m'manja.

Za ndale ndingodutsamo. Nkhaniyi ikuyamba mu 1985, chaka chimene Ibrahim Babangida adalanda boma, ndipo mbiri ya asilikali ikumveka pawailesi m'mitu yambiri. Nthawi zina zimenezi zimangokhala ngati nsalu yotchinga kumbuyo kwa sewero. Zikugwira ntchito yeniyeni pamalo amodzi. Pa 12 June 1993 anthu a ku Nigeria adavota kusankha pulezidenti, ndipo Babangida adafafaniza chisankhocho, chimene M.K.O. Abiola ankaoneka kuti wapambana. Ife a zaka zanga timaukumbukira bwino mwezi umenewo, chifukwa patangopita masiku awiri, pa 14 June 1993, tidaima pamizere kusankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda pa riferendamu. Kwathu mavoti adalemekezedwa, kwawo adabedwa, ndipo ku Lagos kudabuka zipolowe. M'kati mwa zipolowezo Rotimi akudwala mwakayakaya ali ndi Akin, misewu yatsekedwa, ndipo Yejide, amene ali paulendo kumpoto, akulandira uthenga. Poti waika kale ana awiri m'manda, sakudikira kumva mapeto. Akudziuza kuti wachitatunso wapita, ndipo akuthawira ku Jos osatembenuka. Dziko lonamizidwa ndi atsogoleri ake ndi mkazi wonamizidwa ndi mwamuna wake akumana pa tsamba limodzi, ndipo mlembi sakutiuza kuti tifananitse. Akungoziika pafupi.

Kuthawa kwa Yejide kukuonetsa kuti naye sali woyera ngati ufa. Atavulala kawiri, adaleka kumukonda Rotimi mwanayo akadali moyo, namusiya m'manja mwa bambo ake, pofuna kudziteteza ku chisoni chachitatu. Mayi amene ankayamwitsa mbuzi pofuna mwana wasanduka mayi wokana kuyang'ana mwana wake kumaso. Kusintha kumeneku mlembi wakuyendetsa pang'onopang'ono, mokhulupirika, ndipo ndikuona kuti ndi ntchito yabwino koposa m'buku lonse, kuposa ngakhale zinsinsi zija. Nthano ziwiri zachiyoruba zalukidwamo pothandiza mfundoyi. Ina ndi ya Oluronbi, mayi amene adalonjeza mwana wake kwa mtengo wa iroko. Ina ndi ya Ijapa, Fulu wa kumeneko, amene adatumidwa kukatenga mankhwala a mimba a mkazi wake, n'kuwadya yekha panjira, mimba n'kumera pa iye. Akin ndiye akusimbira mwana nthano ya Fuluyo. Bambo amene sangathe kuulula ndi mawu olunjika akuulula mwa nthano kwa khanda losamva kanthu.

Buku likutsekera pamene lidatsegukira, mu December 2008. Yejide walandira kalata yomuitanira ku mwambo wa maliro a bambo ake a Akin, ndipo akubwerera ku Ilesa patapita zaka 15. Kumeneko akupeza mtsikana wamoyo, amene tsopano amadzitcha Timi, yemwe wakula akudikira mayi ake. Owerenga ena adzalira pamenepa, ndipo inenso maso adachita chifunga. Koma mlembi sadanene kuti banja labwerera, kapena kuti Yejide wakhululuka. Watisiya ndi anthu atatu m'chipinda chimodzi: mayi amene adataya zaka 15 za mwana wake chifukwa adafulumira kukhulupirira imfa, bambo amene walera bwino mwana wa mng'ono wake, ndi mtsikana amene tsiku lina adzafunsa kuti matenda a m'magazi mwake adawatengera kwa yani.